Mfundo Wavulanso Thewera

Masiku amenewo ndikadzuka sindinkayamba ndi pemphero ayi, Mulungu andikhululukire. Ndinkayamba ndi kupapasa matiresi. Dzanja linkangogunda ponyowa. Ndikatsegula maso ndinkapeza mwiniwake ali chigonere, matako ali pamtunda, kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene dzulo lake walima munda wonse yekha. Thewera lili uko kuseri kwa chitseko, louma bwinobwino. Louma! Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chimenecho. Mwana ankayamba wavula thewera, n'kuliponya kutali, kenako n'kumasuka pabedi panga.

Dzina lake ndi Mfundo, mwana wanga woyamba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Ine ndine Loyce. Kwathu ndi ku Nsipe, koma ndinakwatiwa chitengwa kufupi ndi Nzama, pamudzi pa amuna anga a Paison. Iwowo anali ku Joni. Pakhomo tinalipo ine, mwanayo, apongozi anga anaNdau, ndi mlamu wanga Cathy, mlongo wa amuna anga, amene banja lake linatha n'kubwerera kwa amayi ake ndi masutikesi awiri komanso pakamwa.

Mwana kukodza pogona si nkhani. Ndani wa ife amene sanakodzepo? Nkhani inali matiresi. Mu Juni kwathu kuno dzuwa limatuluka ngati likuchita kukakamizidwa, ndiye matiresi onyowa sangaume m'nyumba. Ndinkayenera kuwakoka n'kukawayanika pamulu wa njerwa zimene zinkadikira nyumba yathu yatsopano, ndipo muluwo unayang'anizana ndi khonde la apongozi. Aliyense wopita kuchitsime ankaona banga lachikasu lija pakati pake, n'kudziwa mmene tagonera.

Tsiku lachinayi lotsatizana ndikutulutsa matiresi, Cathy anali pakhonde akusankha tomato wopita naye kumsika. Apongozi ankapeta nyemba pambali pake.

"Alamu, wakodzanso?"

"Wakodzanso."

"Nanga thewera simukumuveka?"

"Ndikumuveka. Akuvula yekha."

Cathy anasiya tomato n'kuwomba m'manja. "Akuvula yekha! Amayi, mwamva? Iii, alamu, mesa amati mwana akayamba kuvula yekha thewera ndiye kuti waona mnzake ali m'njira? Akumusiyiratu matewerawo!"

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani, koma kunali kuseka kwa mano okha. Apongozi sanaseke.

"Iwe Cathy, pakamwa apo. Mlongo wako anachoka muno mu Febuluwale chaka chatha. Nthabwala zina n'zosaseketsa."

Ananena zimenezi akuyang'ana m'lichero. Koma lichero litatsika, maso awo anadzera pa ine, kuyambira kumaso kutsika mpaka pamene ndinamanga chitenje, kenako n'kubwerera ku nyemba. Sizinatenge nthawi. Cathy, m'kubwebweta kwake konse, anali atalasa. Ndinali ndi pakati pa miyezi itatu.

Musafulumire kundiweruza. Mimbayo inali ya a Paison, amuna anga amene ndinamanga nawo ukwati m'tchalitchi cha pa Nzama, anthu akuona. Vuto linali lakuti pamudzi ponse panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti mu Malichi a Paison anaponda dziko la Malawi.

Zinali chonchi. Ku Joni anawagwira pasipoti itatha masiku. Anawatsekera masabata angapo, ife kuno tikumaganiza kuti foni yabedwa, kenako anawakweza basi pamodzi ndi anzawo n'kudzawatula pa Mwanza. Anandiyimbira pa foni yobwereka atafika pa Nsipe. "Bwera ndi mwana basi. Amayi usawauze." Ndinanamiza apongozi kuti achemwali anga a Tracy adwala, ndikupita kukawadwazika. Ndinakawapeza amuna anga m'kachipinda ka resitihausi kuseri kwa magolosale, katundu wawo yense ali m'jumbo imodzi: malaya ndi mswachi.

Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kunyumba. Anakana kwamtuwagalu. Muwamvetse pang'ono, ngakhale ine pano zimandivuta kuwamvetsa. Malemu bambo awo anagwira ntchito m'migodi, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi bokosi lachitsulo, wailesi, njinga, mpaka malata amene apongozi akugonamo lero. Nkhani imeneyi anaNdau anaikamba mpaka nkhuku za pakhomo zinaiyiloweza. Ndiye anali atauza kale amayi onse a kumphakati kuti mwana wawo ndi kapitawo wa owotcherera zitsulo, adzabwera ndi galimoto. "Ine ndikafike pakhomo pa bambo anga ndi jumbo?" a Paison anatero. "Bola kufa." Tinakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi anakwera thiraki ya mnzawo n'kubwerera ku Joni, atandilumbiritsa kuti nkhaniyi ikhale ya ife awiri.

Ndinalumbira. Mkazi wochenjera akanaganizira za kutsogolo, koma ine ndinali nditamusowa mwamuna wanga chaka chathunthu, ndipo mutu sunkagwira. Chinsinsi cha awiri chija chinayamba kukula chokha pansi pa chitenje.

Ndiye mumve chimene chinkandisowetsa mtendere. Kwathu kuno, kumene ng'ombe zinaperekedwa, mkazi akapezeka ndi mimba ya patchire amalongedza zovala zake n'kumapita. Ana amatsala. Malowolo anga zinali ng'ombe zitatu, ndipo achimwene anga anazigulitsa kalekale. Kunyozedwa ndikanapirira, ngakhale kubwerera ku Nsipe ndikanapirira. Koma kukwera kabaza Mfundo akulira m'manja mwa Cathy, ayi, chimenecho sindikanapirira.

Choncho ndinayamba nkhondo ndi thewera. Ndikudziwa, kunali kupusa. Mimba sabisa ndi thewera. Koma ndinkadziuza kuti matiresi akangosiya kutuluka, maso a apongozi achoka pa ine, ndipo a Paison apeza nthawi yolimba mtima n'kulankhula okha.

Ndinayamba ndi kumuveka pampasi chobwerera, zomatira zake zili kumsana. Zinathandiza masiku awiri; lachitatu bwanayo anali ataphunzira. Ndinagula selotepu n'kuzunguliza kawiri m'chiuno. M'mawa ndinapeza selotepu ili m'tsitsi mwake, pampasi ali pansi pa bedi, matiresi ali noninoni. Ndinabwerera ku thewera lansalu la mapini awiri, koma nditapeza pini imodzi ili yotsegula pafupi ndi tsaya lake, ndinataya mapiniwo m'chimbudzi. Ndinamuveka kaovolosi chakumbuyo, mabatani ali kumsana kumene manja ake sangafike. Mwana ameneyu anatulukira kukhosi ngati njoka yofundula. Mpaka lero sindidziwa kuti anachita bwanji.

Ndinayesanso kumumana zakumwa dzuwa likalowa. Apa ndiye ndinadziputira zina. Ndinali nditangomuletsa kuyamwa, poti amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana, ndiye madzulo aliwonse ankandikoka bulauzi akulira. Apongozi akamva kulira ankatulukira ndi kapu ya thobwa.

"Mwana sagona ndi ludzu, amake Mfundo. Mwamuletsa bere, mumuletsenso madzi?"

Ankamumwetsa kapu yonse, ine ndikuyang'ana, ndikudziwa kumene thobwalo likupita. Kenako ankafunsa ngati zongocheza, "Kodi kuyamwa mwamuletseranji mwadzidzidzi chonchi?" Ndinkayankha kuti akuluma.

Ndinayala pulasitiki wa m'thumba la feteleza pansi pa nsalu. Mkodzo sunalowe m'matiresi, zoona, koma unayenderera mpaka kumbali yanga, kenako n'kutsikira m'mphepete n'kulowabe. Ndinayesa kusatulutsa matiresi, kungowatembenuza n'kuyika mbaula pafupi. Pofika tsiku lachiwiri m'nyumba simunkalowedwa. Amati tsoka silinunkha, koma langa linkanunkha mkodzo. Ndipo fungolo, ndi mmene ndinaliri, linkanditembenuza m'mimba. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kuseri kwa bafa, n'kukwirira ndi phulusa.

Pali m'mawa umodzi umene sindikonda kuukumbukira. Ndinapapasa, ndinapeza ponyowa, ndipo ndisanaganize n'komwe dzanja linali litatera kale pathako pa mwana. Anadzidzimuka n'kundiyang'ana. Sanalire nthawi yomweyo. Anatsika pabedi, kukatola thewera lake louma lija, kudzandipatsa, n'kunena kuti, "Mama, pepa." Ndinamukumbatira n'kulira kuposa iyeyo. Mwana wazaka ziwiri ankadziwa chiyani za Joni, za ng'ombe, za malumbiro a anthu aakulu opusa?

Sabata imeneyo ndi imene mchere unachoka m'manja mwanga. Tinkaphikira pamodzi, ndipo ndiwo ndinkaphika ndine. Tsiku lina ndikutambasula dzanja kuti nditenge kabotolo ka mchere ndithire mu mpiru, apongozi anafika kumbuyo kwanga mwakachetechete n'kukatenga.

"Siyani, ndithira ndekha."

"Ndachulutsa dzulo, amayi?"

"Ayi. Ndithira ndekha basi."

Mkazi aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Amati mkazi amene wayenda njira zina akathira mchere m'ndiwo amadula a m'nyumba: chifuwa, kutupa miyendo, ena mpaka kumanda. Apongozi anga ndi Akatolika olimba, korona sichoka m'khosi, koma pa nkhani ya mchere safunsa abambo mfumu. Kuyambira tsiku limenelo kabotoloko kankagona kuchipinda kwawo. Sananditukwane, sanandifunse kanthu. Bola akananditukwana.

Kenako Cathy anamaliza ntchito. Ine ndinali nditayiwala chinthu chimene wabodza aliyense wozolowera sayiwala: kuwauza a Tracy kuti anadwala. Lachitatu Cathy anapita ndi tomato ku Nsipe, n'kukumana nawo pamsewu. Anawafunsa ngati anachira bwinobwino matenda a mu Malichi aja. A Tracy, osadziwa kanthu, anati, "Ine kudwala? Loyce ndinamuona komaliza pa Khirisimasi." Cathy anabwera madzulo dengu lili ndi tomato wotsala theka, kusonyeza kuti sanadikire n'komwe kuti msika uthe. Analowa m'nyumba mwa amayi ake n'kutseka chitseko.

Patapita kanthawi apongozi anatuluka n'kuyima pakhomo panga. Sanalowe.

"Amake Mfundo, kuyambira lero mwanayu azigona kwa ine. Mundipatse bulangete lake ndi matewera."

"Amayi, akunyowetserani pogona."

"Ndinalera asanu ndi awiri. Mkodzo sundiopsa." Analandira bulangete lija. "Loweruka ndaitana ankhoswe, a kwanu ndi a kuno. Pali zoti tikambirane."

Mfundo anapita mosangalala, akuganiza za thobwa. Ine ndinatenga foni n'kuthamangira kuchulu cha kuseri kwa khola, pamene pokha netiweki imagwira pamudzi pathu. Ndinayimba kanayi. Kachisanu a Paison anayankha, kumbuyo kukumveka makina.

"Bambo a Mfundo, zinthu zaipa kuno. Amayi adziwa. Mwana atenga. Loweruka kukubwera ankhoswe."

"Adziwa kuti ndinabwera?"

Mwamva funso lake? Osati mwana ali bwanji, osati iwe uli bwanji.

"Adziwa kuti ndili ndi pakati. Akuganiza kuti ndi pa mwamuna wina. Muwayimbire, muwauze."

"Pirira pang'ono, make Mfundo. Ndangopeza kumene pogwira. Disembala ndibwera ndi katundu, ndidzafotokoza ndekha zonse, udzaona adzakupepesa."

"Disembala mwana adzakhala ali m'manja! Ine ndikunena za Loweruka likubwerali."

"Ukane basi. Unene kuti ukungonenepa."

"Ndikungonenepa! Ndi mpiru wopanda mchere?"

"Abwana akubwera, tilankhulana." Foni inaduka.

Ndinatsala pachulu paja mphepo ikundiwomba, ndikuwatukwana mumtima amuna anga ndi mawu amene sindingawalembe pano. Lachinayi lonse ndinayimba, osayankha. Ndinatumiza uthenga wa mawu kasanu. Anamvera onse, zizindikiro zinaonetsa, koma yankho silinabwere. Mfundo ndinkangomuonera patali akusewera pakhonde la agogo ake. Akathamangira kwa ine, Cathy ankamuitana kuti adzatenge nthochi.

Lachisanu m'mawa ndinadzuka, dzanja n'kupita lokha kukapapasa. Matiresi anali ouma. Ouma kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, tsiku lachiwiri lotsatizana, chinthu chimene ndinachilimbanira mwezi wathunthu. Ndinakhala pabedi paja n'kumalira ngati mwana. Ndinazindikira kuti mawa likapita mmene linkaonekera, ndiye kuti matiresi anga adzakhala ouma mpaka kalekale.

Ndili mkati molira ndinamva kugogoda. Anali apongozi, atabereka Mfundo m'shawelo, miyendo yake ili lendelende, yosavala. M'dzanja anagwira thewera louma. Ulendo uno analowa, n'kukhala pampando wokhawo umene ndili nawo.

"Mabulangete anga onse awiri ali padzuwa," anatero. "Kwa inenso wavula, dzulo ndi lero. Kaya nanenso ndili ndi pakati."

Tsiku lina ndikanaseka. Nkhope yawo sinasonyeze kuti akufuna ndiseke.

"Za matewerazi ndi zokamba anthu. Ine sindidikira thewera kuti lindiuze kanthu. Ndakuonani mmene mukulavulira malovu, ndaona phulusa kuseri kwa bafa. Sindifuna mukayalukire pamaso pa amuna mawa musanandiuze ine. Miyezi ingati?"

"Itatu ndi theka, amayi."

Anatseka maso. "Mwini wake ndani?"

"Mwana wanu."

"Amake Mfundo." Mawu awo anatsika kwambiri. "Ine ndabwera ngati mayi. Musanditukwane m'mawa uno. Mwana wanga ali ku Joni chaka ndi miyezi inayi. Kodi masiku ano mimba ikumabwera pa foni?"

Ndinayang'ana Mfundo. Anali atatsamira kumsana kwa agogo ake, akuyamwa chala, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Lumbiro lija ndinaliyika mbali imodzi, mwana mbali ina, ndipo sindinachedwe kuona cholemera.

"Amayi, tiyeni kuchulu. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikayimba, musalankhule. Mungomvetsera."

Anadzuka. Tinadutsa kuseri kwa khola, mame akutinyowetsa mapazi, iwo akupuma movutika ndi mwana kumsana. Cathy anasuzumira pawindo, koma amayi ake anamuloza ndi chala ndipo mutu unabwerera mkati. Pokwera chulu ndinawagwira dzanja. Analola, ngakhale kuti anali asanandikhudze sabata yonse.

Ndinayimba, n'kuyika pa laudi. Inalira mpaka kuduka. Ndinayimbanso. Mumtima ndinkapemphera mapemphero onse amene ndinawadumpha mwezi umenewo. Akapanda kuyankha ndinalibe china chilichonse: ndinalibe chithunzi, ndinalibe mboni, ndipo mnyamata wa pa resitihausi angakumbukire ndani? Kachitatu foni inatengedwa.

"Loyce, m'mawa uno? Ndili pa depoti, ndikupita kuntchito."

"Ankhoswe akubwera mawa. Ine ndinena zoona zonse."

"Iwe, unalumbira!" Mawu awo anamveka pachulu ponse. "Ukangowauza amayi kuti ndinafika pa Nsipe, ine ndatha. Pofika madzulo Nzama yense adzakhala atadziwa kuti Paison anabwera ndi jumbo."

Ndinaona dzanja la apongozi likufufuza korona pachifuwa. Pamenepo ndikanadula foni. Zimene ndinkafuna zinali zitanenedwa, Mfundo anali atabwerera kwa ine. Koma chala changa chinachedwa, ndipo a Paison anapitiriza.

"Iwe suwadziwa amayi aja. Kuyambira ndili mwana ndi bokosi la bambo, njinga ya bambo, malata a bambo. Iwo akudikira galimoto, sakudikira ine. Ndikanafika chimanjamanja akanandiyang'ana ngati galu wolowa m'tchalitchi."

"Paison."

Anali apongozi. Sanakuwe. Anangotchula dzinalo mmene munthu amaitanira mwana amene wagona pakhonde kuti akalowe m'nyumba. Ku foni kunamveka mahutala a minibasi, munthu wina akuitanira m'chilankhulo cha kumeneko, ndi kupuma kwa amuna anga. Kenako zii.

Tinaima pamenepo. Ng'ombe ya a neba inalira m'khola. Apongozi anamasula shawelo pang'onopang'ono, kutsitsa Mfundo, n'kundipatsa.

"Tengani mwana wanu, wazizidwa. Ankhoswe ndiwabweza ndekha."

Ndinamulandira, thupi lake lofunda likununkha thobwa ndi mkodzo, ndinamufinya mpaka anadandaula. Ndinkayembekeza kuti mtima ukhala m'malo, ndipo unakhaladi, koma pang'ono chabe. Ndinkaopa kuwayang'ana apongozi kumaso. Ndinkadikira kuti andikalipire chifukwa cha bodza la a Tracy, kapena awatukwane ana awo. Iwo anakhala pansi pachulu pomwepo, pamame, miyendo atatambasula.

"Anakhala masiku angati?"

"Atatu."

"Pa Nsipe pompa."

"Eya, amayi."

"Kabaza kuchoka pamenepo kudzafika pano, dzuwa silisuntha n'komwe." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Anali bwanji? Anali wowonda?"

Ndinafuna kunama, koma mabodza anali atandikwana. "Anali wowonda, amayi, poti anali atangotuluka m'ndende ku Joni. Lamba anachita kuboola pena."

"Ankatsokomola?"

"Pang'ono."

"Munkamuphikira chiyani?"

"Ku resitihausi kulibe pophikira. Tinkagula tchipisi pamsewu."

"Tchipisi." Anagwedeza mutu. "Mwana wanga kutuluka m'ndende n'kumadya tchipisi masiku atatu, ine ndili pano ndi nkhuku khumi ndi ziwiri, ndikuzisungira tsiku limene adzabwere." Ine m'zaka zonse zimene ndakhala pamudzi paja ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro. Analira opanda phokoso, misozi ikungotsika m'makwinya. "Galimoto ndikanayidya ine? Ndinkangokamba, amake Mfundo. Nanga mayi akafunsidwa za mwana wake kumphakati, anene chiyani?"

Mfundo anatambasula dzanja n'kugwira duku lawo.

"Muyimbireninso."

Ndinayimba. Inalira mpaka kuduka.

"Yimbaninso."

Ulendo uno mawu a mzimayi wa pa foni anati nambalayo sikupezeka. Ndinawauza kuti mwina alowa kuntchito, tiyesenso masana. Tonse tinkadziwa kuti foni achita kuzimitsa, ndipo ine ndinkadziwa kuti mwamuna amene anasankha tchipisi m'malo moonedwa ndi jumbo akhoza kuyizimitsa nthawi yaitali kwambiri. Mantha amene ndinkaganiza kuti andichoka anangosamukira pena.

"Pitani mukamuveke mwanayo, angadwale chibayo," apongozi anatero. "Foniyo ndisiyireni. Mungondisonyeza podina."

Ndinawasonyeza, kawiri, chifukwa chala chawo chinkaphonya. Ndinatsika ndi Mfundo, kumusambitsa, kumuveka, kumuphikira phala. Cathy anabwera kudzafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndinamuuza kuti akafunse amayi ake, koma sanalimbe mtima kupita. Dzuwa litafika pamutu ndinasuzumira kuseri kwa khola. Anali pompaja, shawelo ali pamapewa, foni atayigwira ndi manja awiri pafupi ndi khutu, akudinanso.